Zimene Kaputeni Anaona

Ine masikauti sindinkawawerengera, ndinene poyera. Mwana wanga wamkazi, wa zaka khumi ndi zinayi, atalowa gulu limeneli ndinaseka mpaka kutsamwa. Anthu akuluakulu ndithu kumasonkhanitsa ana n'kumawaphunzitsa kumanga mfundo pachingwe, ngati kunyumba kwasowa ntchito! Akuti gululo analiyambitsa msilikali wina wakunja, kalekale agogo athu asanabadwe. Ndiye ndinkamufunsa kuti, nanga mfuti zanu zili kuti? Ine kumene ndinkawaona n'kumisonkhano, akunyamula mipando ndi kulozera mabwana poimika galimoto, dzuwa likuswa mtengo. Ndinamupatsa dzina loti Kaputeni pomunyogodola, dzinalo n'kumukanirira mpaka mayi ake omwe anayamba kumuitana choncho.

Loweruka limenelo anandipempha kuti ndimutengeko pa galimoto ya buledi imene ndimayendetsa. Kusukulu kwawo ankalandira ana atsopano m'gululo, ndipo iyeyo, monga mtsogoleri wa kagulu kake, ndiye ankayenera kuwanenetsa lonjezo. Kampani siilola kukweza munthu, koma mwana wanga ayende wapansi ine ndikudutsa pageti pasukulu pomwepo? Anakwera atavala yunifomu yosita bwino, sikafu yobiriwira m'khosi, wenzulo ali lende pachingwe. Njira yonse ankayeseza mawu ake chapansipansi: kuthandiza anthu nthawi zonse, kukhala wokhulupirika, kunena zoona.

"Zoona sizigula sopo, Kaputeni," ndinatero.

Iye anangopitiriza kuyeseza mawu ake.

Ndinali nditachedwa. Mashopu anayi anali asanalandire buledi, ndipo abwana ankangotumiza mauthenga ngati ndathawa nayo galimotoyo. Foni inalira tikuyandikira mphambano ya pamsika. Ndinaitola.

"Adadi, foni," anatero mwanayo.

"Ndinayamba kuyendetsa iwe usanabadwe."

"Adadi!"

Podzutsa mutu ndinangoona msana wa munthu, njinga, ndi lata lopinda lomangidwa pakaliyala. Phuu! Lata lija linalira ngati mgolo wagwa padenga. Foni inandipulumuka n'kulowa pansi pa mpando.

Madalaivala tonse timadziwa lamulo limene silinalembedwe paliponse: ukagunda munthu pamalo a anthu ambiri usaime, thawira kupolisi, chifukwa gulu silifunsa mafunso. Koma ndisaname, mumtima mwanga munalibe polisi. Munali msewu wakuseri kwa fakitale ya matabwa, kumene kulibe maso. Phazi linapita lokha pamoto.

"Imani!"

"Khala chete iwe! Atiwotchera momwe muno!"

Mwanayo anangotsegula chitseko galimoto ikuyenda, mwendo umodzi uli kale kunja. Mayo ine! Ndinaponda buleki mpaka makireti kumbuyo anagubuduzika. Ndisanamugwire n'komwe anali atatsika, akuthamangira komwe ine ndinkathawako.

Ndikanatani? Nanenso ndinatsika.

Anthu anali atadzaza kale. Ogulitsa zovala, okonza mafoni, amayi a tomato, onse anasiya malonda. Chimunthu china chonyamula katundu pamsikapo, chifuwa ngati chitseko, chinandigwira pakolala n'kundikankhira kugalimoto.

"Ndi ameneyu! Amafuna kuthawa, galu ameneyu!"

Khofi loyamba linandipeza pakhutu. Wina anafuula kuti abweretse tayala. Ndinamva fungo la thukuta langa lomwe, ndipo ndinadziwa kuti lero kwanga kwatha.

Kenaka wenzulo analira, katatu, mokuwa mpaka m'mano.

Anthu anacheuka. Kaputeni anali atagwada pamsewu pafupi ndi wanjinga uja, bambo wachikulire wa ovolosi yodzaza penti. Lata linali litamucheka pantchafu, magazi akutumphuka ngati paipi yaphulika. Mwanayo anali atavula kale sikafu yake, ataikulunga pamwamba pa bala.

"Inu achimwene mwagwira adadi angawo!" anakuwa. "Muli ndi mphamvu, bwerani mudinikize apa. Msanga! Munthu akufa uyu!"

Chimunthu chija chinandiyang'ana, chinayang'ana mwanayo, n'kundisiya. Chinakagwada, manja onse awiri pabala, ngati mwana wasukulu wouzidwa ndi aphunzitsi.

"Inu a tayala, ndipatseni sipanala kapena kamtengo kolimba. Amayi, imitsani takisi iyo. Enanu futukani, apume mpweya!"

Sindikudziwa kuti mawu amenewo ankawatenga kuti, mwana amene kunyumba amaopa ndi mphemvu yomwe. Aliyense amene ankakuwa kwambiri ndi amene iye ankamupatsa ntchito. Sipanala itabwera anailowetsa pamfundo ya sikafu n'kuyamba kupotokola. Bambo uja anabuula, kutukwana, kuitana mayi ake. Mwanayo anapotokolabe, mano ali gwa, mpaka magazi analeka kutumphuka. Anafunsa nthawi, anabwereka cholembera, n'kulemba nthawiyo pamkono pa wovulalayo.

"Mukawaonetse adokotala apa, adziwe nthawi imene tamanga," anauza woyendetsa takisi. "Musamasule panjira, ngakhale alire bwanji."

Takisi itangonyamuka, apolisi anafika. Anali awiri, koma wolankhula anali mayi wina wa mizere itatu paphewa, wosaseka. Anayang'ana njinga yopindika, anayang'ana bampala, n'kutulutsa kabuku.

"Dalaivala ndani? Chachitika n'chiyani?"

"Anangondilowera mwadzidzidzi, bwana," ndinatero. Bodza linatuluka losalala ngati ndinagona ndikuliyeseza. "Lata lija linamusokoneza, n'kukhotera kutsogolo kwanga."

Wapolisiyo anafunsa anthu. Wina anati n'zoona, njingayo inkayenda mokhotakhota. Wina anati ayi, galimoto inkathamanga. Mayi wa tomato anati iye anangomva phokoso. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula foni. Mtima unayamba kubwerera m'malo. Laisensi yanga, ntchito yanga, zonse ndinaziona zikubwerera m'thumba.

Ndiye wapolisi uja anaona yunifomu ya mwana wanga.

"Wamanga mwendo uja ndiwe?"

"Eya."

Nkhope yake inamasuka. Anatambasula dzanja lamanzere, mmene masikauti amapatsirana moni, ndipo mwanayo analilandira ndi lake lamagazilo.

"Inenso ndinavalapo sikafu ndili msinkhu wakowu," anatero. "Basi, ndapeza mboni yanga. Awa onse akhoza kundizunguza mutu, koma sikauti sanama. Unakhala kutsogolo?"

"Eya."

"Dalaivalayu ndi ndani wako?"

"Ndi adadi anga."

Wapolisiyo cholembera sanachibweze m'thumba.

"Ndiuze zimene unaona, mwanangu."

Ndinamuyang'ana mwana wanga, ndipo ndikuvomera, ndinamuyang'ana momupempha. Ine bambo wake, wondevu zanga, kupempha kamwana ndi maso kuti kandinamire! Iye sanandiyang'ane. Anayang'ana manja ake. Mwana amene posachedwapa ankalamula msika wonse tsopano anangoima, khosi lili pululu popanda sikafu, kakhosi kowonda ngati ka mwana wa sitandade wani.

"Adadi anali..." Anaima. Anapuma. "Njinga ija..."

"Ndinali pa foni, bwana."

Mawuwo anatuluka m'kamwa mwanga mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Anthu anang'ung'udza.

"Mwati bwanji?"

"Ndimawerenga uthenga. Bamboyo amayenda bwinobwino kumbali kwake. Mwanayu anandichenjeza kawiri, ine osamva. Foniyo ili pansi pa mpando, kaitengeni. Ndipo ndimafuna kuthawa, anandiimitsa ndi iyeyu. Mwanayu musamufunsenso kanthu, chonde."

Wapolisiyo analemba kwa nthawi yaitali. Anandilanda laisensi ndi makiyi, n'kutiuza kuti tikwere kumbuyo kwa galimoto yawo.

Kupolisi anatikhazika pabenchi ya m'khonde, pafupi ndi ndowa yokolopera, tikudikira mayi ake kuti adzamutenge. Uthenga unabwera kuchokera kuchipatala kuti bambo uja ali moyo ndipo mwendo saudula. Abwana nawo anali ataimba kale foni pa kauntala ya apolisi, ndipo zimene ananena sizofunika kubwereza. Kusukulu kuja ana atsopano anali atalonjeza kale popanda Kaputeni. Magazi anali ataumira m'zikhadabo zake, ndipo ankawakokota ndi chala chimodzichimodzi.

Ndinayesa kuseka, koma sizinatheke.

"Ukanandimangitsa ndithu, eti Kaputeni? Ndangokuthandiza kuti usatope n'kulankhula."

Anapukusa mutu osadzutsa nkhope.

"Ayi, adadi."

"Ayi chiyani?"

"Ndimati ndinene kuti njinga ija inakhota yokha." Misozi inagwera pa siketi ya yunifomu. "Ndinali nditayamba kale. Mukanangochedwa pang'ono, ndikananama."

Khofi la pamsika lija silinandipweteke ngati mawu amenewo. Ndinafuna kumugwira paphewa, koma wapolisi anatsegula chitseko n'kundiitana kuti ndilowe m'chitolokosi, ndivule lamba ndi zingwe za nsapato.