Madzi a m'fulasiki ya apongozi

Mwana wa Alefa, Stacy, ankangotsegula m'mimba, ndipo apongozi anali atagamula kale kuti vuto ndi uve wa mayi wake. Anati Loweruka amutenga mwanayo, akamulere okha ku Nsanje. Alefa zinamuwawa zedi, koma apongozi ungawayankhe m'nyumba ya mwana wawo?

Ndiye kunatulukira Bertha, mng'ono wake wa Alefa, wophunzira sayansi ku Chichiri, mtsikana wosadutsa chinthu osachifunsa. Ataona banga lobiriwira pansi pa mpope wa kubafa, anafunsa ngati nyumba zakale za ku Sunnyside zimenezi zili ndi mapaipi a kopa. Alefa akanadziwira kuti? M'mawa mwake Bertha anabwera ndi timabotolo ndi katochi ka buluu, n'kukokera mkulu wakeyo m'kachipinda kosungira ufa, poti munali mdima.

Anadontheza mankhwala m'madzi a pampope wapanja n'kuwalitsa tochi. Koma inu! Madzi aja anayaka biriwiri ngati chiphaniphani. Alefa anaiwala ndi mavuto omwe, anangoti kaya akutentha, kaya tiyi nayenso angayake. Bertha anaseka. Anati mankhwalawo amawala ukawaunika ndi tochiyo, koma akakumana ndi kopa amazima, ndipo ku labu amafufuzira nawo kopa ngakhale m'timaselo ta thupi. Kopa akachuluka m'madzi akumwa, m'mimba simuchedwa kudandaula. Madzi a m'ndowa imene Alefa amaphikira phala anayakanso. Otentha ochokera ku giza, thanki yotenthetsera madzi osamba, anangoti bii, osayaka.

Koma madzi a giza amamwa ndani? Alefa anagwa mphwayi.

Apongozi, amene chidwi chinali chitawaimika pakhomo nthawi yonseyi, anakankha chitseko atakumbatira fulasiki yawo. Anati tsopano ayese madzi a anthu aukhondo, amene iwo amamwetsa mdzukulu wawo Alefa akapita kuntchito. Bertha anathira, anadontheza, anawalitsa. Bii.

"Amayi, madziwa mumatunga pati?" anafunsa Alefa.

"Pampope wotenthawo. Si owira kale? Ndi magetsi ozimazimawa ndiziwiritsira chiyani?"

Apongozi anatenga kabotolo kaja, kukagwedeza, kukayandikiza kutochi, kukagwedezanso. Sikanayake. Alefa ankaganiza kuti asangalala, koma anangowamvera chisoni mayiwo.

Kenako apongozi anamupatsira fulasiki ija ndi manja awiri.

"Amake Stacy, katayeni. Mukabwera mundionetse pamene mumatunga inu."