Chipere cha Kasitomala

A Lumo ananyamula mphaka wawo n'kumukhazika pampando wometera, pomwe pankafika kuwala kwa pawindo. Anapatula ubweya ndi chala. Chipere cha kuseri kwa khutu chinali chikadali chofiira, chozungulira ngati chitsekero cha botolo.

"Takhazikika, Kasitomala," anatero. Dzinali anamupatsa mphakayo chifukwa ankakonda kugona pampandopo, koma kumetedwa ayi.

Munthu wokalambira pa ntchito yochotsa tsitsi m'mitu ya anzake, tsopano ankapempherera ubweya kuti umere. Dokotala wa ziweto anawauza kuti azipaka mankhwala m'mawa uliwonse, azichapa nsanza zogonapo mphakayo, ndiponso aziona ngati zilonda zikuuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo a Lumo anadekhadi, poti chimene ankadikira sichinali ubweya wokha.

Mwana wawo wamkazi anali atabereka, koma mdzukuluyo anali asanamuonepo. Tsiku limene anamuimbira foni, mwanayo anati, "Bambo, mphaka wanu wa zipereyo ndi khanda n'zosayenderana. Akapola tidzabwera."

"Nanga ineyo nditabwera konko?"

"Mwina nanunso mwatengera. Dikirani kaye."

Anadikira. Zilonda zinauma, nkhanambo zinayoyoka, kenako tiubweya totuwa tinayamba kusuzumira. Wosoka nsapato wa khomo loyandikana ankawaseka. "Achimwene, dazi lanulo mukanalisamala chonchi, bwenzi pano mukupesa."

Dokotala atanena kuti mphaka wapoleratu, a Lumo anakolopa shopu yonse, anagula kachipewa ka khanda, n'kuimba foni.

"Mwanangu, wapola. Ndi adokotala omwe avomereza."

Chapatali khanda linkalira, ndipo a Lumo anakanikiza foni kukhutu kuti alimve bwino.

"Chabwino, bambo. Kungoti masiku ano tatanganidwa. Komanso amayi ali konkuno, ndiye mukudziwa kale. Ndidzakuimbirani."

A Lumo anasiyana ndi mayi a mwana wawoyo kalekale, ndipo sanasiyane bwino. Apa m'pamene anazindikira kuti mphaka ankangosenza mlandu wa mbuye wake. Zinawapweteka kwambiri. Chipere chili ndi mankhwala, koma ichi sankadziwa n'komwe poti angapake.

M'mawa mwake wosoka nsapato uja anasuzumira pakhomo, chingwe chili kukamwa. "Nanga alendo athu aja afika liti? Ndikufuna ndione ngati mwanayo watengera dazi."

A Lumo anali atamukhazika kale mphaka pampando. Khungu linali lili see, ubweya utadzaza bwinobwino. Anapinda kachubu ka mankhwala, n'kufinya totsalira tomaliza pachala.

"Sanapoletu uyu," anayankha osadzutsa mutu. "Akapola abwera."

Ndipo anayamba kupaka pang'onopang'ono kuseri kwa khutu, pomwe panalibe chilonda.