Penti wa Asibweni ndi Gaga wa Ukwati

Asibweni Danwell, mlongo wao wa amai, anali ndi Pijo imene anthu a ku Magodi ankaimva isanaoneke. Pofika 1994 buluu wake anali atasuluka ngati yunifolomu ya mwana wotsiliza, ija yodutsa mwa akulu ake onse, ndipo dzimbili linali litadya zitseko ndi boneti.

Galimoto imeneyi ndiyo inayenela kundipeleka ku chalichi pa ukwati wanga. Akuchimuna anati ngolo ilipo, koma ng'ombe zimayenda pang'onopang'ono, aliyense amakuyang'ana mpaka kukhuta. Ine ndinkangofuna kukhala kumbuyo, magalasi otseka, tifike anthu asanandionetsetse.

"Usade nkhawa, Tryphena," anatelo asibweni. "Ndipaka mabala onsewa, ioneke ngati yachokela ku Lusaka."

Anapita ku boma atamasula kachitseko ka pothila petulo, kuti wogulitsa penti aone mtundu wake. Koma anamuonetsa mkati mwake, kumene dzuwa silinafikeko chigulile, motelo anabwela ndi buluu wakuda kwambili. Lachinai anaimika galimoto pansi pa mango, anapala dzimbili ndi sandipepa, nayamba kupaka ndi kabulashi, bala lililonse palokha, lilime lili panja.

Akazi ao, a Justina, amene ankawaitana ndi dzina la mwana wao Robson, anaima potelopo manja m'chiuno.

"Awisi Robson, mukupaka penti kapena mukusoka zigamba?"

"Akauma afanana."

"Afanana ndi chiani?"

"Pitani kumtondo, mayi, za galimoto simuzidziwa."

Anapitadi kumtondo. Kuseli kwa mango komweko azimai anali kukonola chimanga cha ukwati. Asibweni atapita kukasamba m'manja ndi palafini, azimaiwo anakweza malichelo nayamba kupeta, ndipo mphepo ya Ogasiti inanyamula gaga yense n'kukamuika pa penti wosauma. Bala lililonse lakuda linamela timadontho toyela.

"Nkhanga!" anakuwa a Justina. "Mkwatibwi wathu akwela nkhanga!"

Azimai anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinali pa windo. Ndinaona kale m'maganizo ana a mseu wonse akutithamangila, akukuwa dzina limenelo mpaka pakhomo pa chalichi.

Asibweni anayesa kutola gaga ndi minga, penti n'kumatsatila. Anayesa kupukuta ndi sanza, zinangofalikila. M'chitini munali mutatha. Madzulo ndinauza amai chapansipansi kuti bola ngolo, osadziwa kuti asibweni ali kuseli kwa chitseko. Asibweniwo anamva zonse. Anakakhala pa bampala, navula chipewa, n'kumachitembenuza m'manja.

A Justina anawayang'ana kwa kanthawi.

"Valani chipewa, awisi Robson. Gaga ndi wathu, tikonza ndife."

Loweluka m'mawa mzimai aliyense anabwela ndi chitenje chake cha m'sutukesi. Anayala pa boneti, anakulunga zitseko n'kuzimenyetsa kuti nsalu ipanike, ena anamanga ndi luzi pa bampala. A Justina anapachika chao pa magalasi a kumbuyo, nanditsinzinila diso. M'katimo munali kamdima konunkha sopo ndi petulo. Ana anatithamangiladi, koma ankaimba nyimbo za ukwati, ndipo palibe anandiona mpaka nditatsika.

Pa chalichi anthu anazungulila galimoto, akuti sanaonepo yovala chonchi. Nditacheuka pakhomo, ndinaona asibweni atagwila abusa pamkono. Anatukula ngodya ya chitenje pafupi ndi nyali, pamene panali bala limodzi lokha limene gaga sanalipeze.

"Onani apa, abusa. Ndapaka ndekha."

A Justina anawamenya kadzanja.

"Vundikilani msanga, nkhanga ingauluke."