Njinga Imene Bambo Ankadikira

"Taona, yatsikanso mtengo," anatero achimwene ake, akumulozetsa foni kumaso. "Si zimene ndinkanena zija?"

Kaliyala sanayang'ane. Anapitiriza kukwecha kireti ya buledi m'beseni, ngakhale inali itayera kale. Maliro a bambo awo anali atangotha kumene, mipando yobwereka ikadali yosanjikizana pakhonde kudikira eni ake. Koma munthu uyu, mwana wachisamba wa malemu, nkhani imene anaiona kuti ndi yoyenera m'mawa umenewo inali yakuti njinga yamagetsi yatchipa.

Chowawa n'chakuti ankanena zoona. Achimwenewo ankagulitsa mafoni m'sitolo ina m'tauni, ndipo khalidwe la zinthu zamagetsi ankalidziwa bwino: ugule lero, mawa kwatuluka china choposa, chotchipanso. Choncho bambo akayambitsa nkhani ya njinga yamagetsi, uku akusisita mawondo pobwera kuntchito, yankho linali lomwelo. Dikirani pang'ono, bambo. Mabatire a panopa sachedwa kufa. Chaka chamawa kubwera zenizeni. Bambo ankangogwedeza mutu, m'mawa n'kulawirira kukapalasa chinjinga chawo chakale, makireti a buledi atasanjikizana kumbuyo mpaka kupitirira mutu wawo.

Chaka chamawacho chinabwera n'kupita, chinanso n'kubwera. Umene unalephera kudikira ndi mtima wa bambo. Anthu anawapeza atamwalira pakati pa chitunda chopita kumagolosale akumtunda, atakhala pansi m'mbali mwa msewu. Njinga anali ataitsamiritsa bwinobwino kukhoma kuti buledi wa eni ake asagwe.

"Achimwene, ndikufuna tikagule lero," anatero Kaliyala.

"Lero? Wayamba misala?"

"Mwini bekale ya buledi uja munamumva nokha. Wati malo a bambo atisungira mpaka Lolemba. Likapitirira Lolemba apatsa wina. Ndiye amayi azidya chiyani? Mafoni?"

"Njinga si iyo ili m'kholamo?" Achimwenewo ankanena kanjira kopapatiza ka m'nyumba, pakati pa khitchini ndi chipinda, kamene bambo ankakatcha khola la njinga. "Yamba ndi imeneyo. Miyezi ingapo chabe. Kukubwera ina ya batire lokhalitsa, ndipo zimene zilipozi zigwa mtengo kwambiri. Ndalama za bambo sitingazitaye chifukwa cha phuma."

Ndalamazo zinali mu akaunti ya pafoni, ndipo nambala yachinsinsi tsopano ankaidziwa ndi achimwenewo okha, poti ndi amene anawatsegulira bambowo. Kaliyala anapukuta manja pachitenje n'kuwayang'ana kumaso koyamba chiyambireni m'mawawo.

Dzina lakuti Kaliyala anam'patsa ndi bambo omwewo. Ali wamng'ono sankalola kutsala. Ankakwera pakaliyala ya njingayo, atagwira lamba wa bambo, mpaka dera lonse linaiwala dzina lake lenileni. Magolosale onse ankawadziwa, ndi amene amafuna buledi wofewa, ndi amene amakonda kudandaula. Ntchitoyo ankaitha. Chimene sankatha ndi chitundacho. Dzulo lake anali atayesa. Anakankha njinga thukuta lili kamukamu, ndipo pofika kumtunda dzuwa linali litakwera kale. Mayi wina wa golosale anam'pepesa za maliro mwaulemu wonse, kenako anamuuza kuti anthu ake amwa kale tiyi, buledi wa masana alibe naye ntchito.

"Inuyo munaipalasapo njinga imeneyi itasenza?" anafunsa.

"Bambo anaipalasa moyo wawo wonse, sindinawamvepo akulira."

"Nanga lero ali kuti?"

Achimwene ake anaimirira, mpando n'kugwa chagada. "Iwe, usandisenzetse maliro! Wamva? Chiyambireni sabata ino ukungondiyang'ana ngati ndinawakankha ndine pachitunda paja. Ine ndinkangolangiza. Ndalama zinali zawo, miyendo inali yawo, sitolo ankaidziwa. Akanaifuna akanagula. Ndikuuze zoona? Bambo sankaifuna njinga imeneyo. Zinali nkhambakamwa chabe, zocheza za munthu wokalamba akatopa."

Kaliyala anapsa mtima. Ankawada achimwene ake m'mawa umenewo, kuwada kwenikweni, ndi malaya awo ositidwa bwino, ndi zala zawo zosalala zozolowera kusisita galasi. Komanso pansi pa mtima ankaopa kuti mwina akunena zoona ngati kale. Bambo sanali mwana. Chinawaletsa n'chiyani kungopita kukagula?

Nthawi yonseyi amayi awo anali atakhala pamkeka pafupi ndi chitseko, akupinda malaya a malemu. Chiyambireni maliro sankayankhula zambiri, ndipo ana awo anali atayamba kukangana pamaso pawo ngati kuti m'nyumbamo mulibe munthu. Amayiwo anaika malaya pansi, n'kudzuka pang'onopang'ono atagwira khoma.

"Iwe," anatero kwa mwana wawo wamwamuna, "tachotsa njingayo pamenepo."

"Amayi, khalani pansi, izi tikambirana tokha."

"Ndati chotsa njingayo."

Achimwenewo anaigwira mahandulo n'kuikokera kunja. Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo pedulo inawamenya pamsongolo. Pakhoma pamene tayala lakumbuyo linkatsamira panali kachidutswa ka chubu chakale, kodulidwa bwino, kokhomedwa ndi misomali iwiri m'mwamba mwake. Amayi anawerama n'kukatukula. Pansi pake panali soketi yamagetsi, yoyera mbee, yopanda ndi fumbi lomwe.

Kaliyala anali atasesa m'kanjirako kosawerengeka, koma kachubuko ankangokayesa chigamba chotseka bowo la makoswe.

"Bambo anu anaitana wamagetsi chaka chija munayamba kukambirana za njingayi," anatero amayi. "Anati ikadzabwera idzapeze pogona pake pali pokonzeka. Ndipo chitseko ichi mukuchiona chikutseguka mpaka kukhoma, anachisuntha okha, ati yamagetsi ndi yonenepa, ingadzakalike polowa. Ine pano sankandilola kulumikizapo kanthu. Tsiku lina soketi ya kukhitchini itapsa ndinafuna kusitira pano, tinakangana mpaka sanadye."

Achimwene aja anayang'anitsitsa pakhomapo. "Nanga bwanji sanandiuze?"

"Akuuze chiyani? Unali utanena kale."

"Koma akanangopita kukagula! Ine ndikanawaletsa?"

"Ndinawauza zomwezo, kangapo konse. Ndinati bambo ake ana, mawondo ndi anu, si a mwana wanu. Ukudziwa chimene ankandiyankha?" Mawu a amayi sanakwere, koma ankacheka. "Ankati, mwana wanga ndiye katswiri wa zamagetsi m'tauni muno. Anthu amachoka kutali kudzam'funsa. Ndiye ine bambo wake ndikagule iye asanavomere? Anthu adzati ngakhale bambo wake samumvera, nanga ife timumverenji? Ankati tsiku limene udzanene kuti tsopano gulani, adzapita nawe limodzi, usankhe ndiwe, anthu aone."

Panja panadutsa wanjinga wina akuliza belu, ndipo onse atatu anatembenuka mosaganiza, monga ankachitira nthawi zonse bambo akamafika.

Achimwene ake anagwada pasimenti, thalauza lawo labwino lija osalisamala. Anapisa m'thumba n'kutulutsa tchaja, poti munthu wa mafoni sayenda wopanda tchaja. Mwina ankafuna kuti soketiyo ipezeke yakufa, kuti ikhale chabe maloto a nkhalamba okhomedwa pakhoma. Analumikiza. Foni inanjenjemera m'manja mwawo n'kuyaka.

Anakhala choncho nthawi yaitali, mutu uli pansi, mapewa akugwedezeka.

"Sitolo ya njinga ija," anatero potsiriza, osayang'ana mlongo wawo, "Loweruka ngati lero amatseka nthawi yanji?"

Kaliyala anali atalimbana sabata yonse kuti amve mawu amenewa. Ankaganiza kuti akadzawamva mtima udzatsika, koma sanamve kukoma kulikonse. Lolemba adzakwera chitunda chija atakhala pachishalo, osatuluka ndi thukuta lomwe, ndipo adzadutsa pakhoma la pachitunda lija tsiku lililonse. Mawu ochepa chonchi ndi amene bambo anawadikira mpaka kufa.

"Masana," anayankha. "Tikachedwa tipeza atatseka."

Amayi anaweramanso. Anazula tchaja ija pakhoma, n'kuikulunga bwinobwino, n'kuiika m'dzanja la mwana wawo. Kenako anatsitsa kachubu kaja, n'kukasalaza ndi chala kuti fumbi lisalowe.

"Si ya foni imeneyi," anatero. "Ndi ya njinga."