Bokosi la Overtone

Bertha atalowa m'nyumba anapeza mwamuna wake, Overtone, atagona chagada pabalaza, mzimayi wachizungu akumuyeza ndi tepi kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Mzimayiyo anali Joan, mkulu wa gulu la zisudzo ku Oshawa konko, mzinda umene ankakhala. Anafotokoza akumwetulira kuti Overtone wapatsidwa gawo lalikulu. Adzakhala Josiah Penwick, katswiri wa zisudzo wa ku London wamakedzana, amene m'seweromo amafera pasiteji anthu akuwomba m'manja poganiza kuti akusewera. Sewerolo limathera m'bokosi lamaliro, ndiye kalipentala ankafuna muyeso.

"Bambo a Mphatso, munthu wamoyo sayezedwa bokosi," anatero Bertha mlendoyo atapita. "Amenewa ndi malodza."

"Kuno n'ku Canada, mayi. Malodza anakanizidwa viza," anaseka Overtone. "Zaka khumi ndikunyamula makatoni, lero anthu andiona, inu mukuti ndisiye?"

Bertha akanaiwala nkhaniyo, koma Lachinayi, posanthula m'matumba a jekete ya mwamuna wake kuti achape, anapeza kalata ya dokotala wa mtima. Overtone anali atajomba kawiri kukapimidwa, ndipo dokotala analemba kuti asachite chilichonse chotopetsa. Bertha ankasamalira okalamba, mawu oterewa ankawadziwa bwino. Anachita mantha kwambiri. Atamufunsa, bamboyo anangoti akapita sewero likatha.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bertha anaimbira Joan n'kumuuza zonse, ndipo pofika Lachisanu gawolo linali litaperekedwa kwa wina. Overtone sanakalipe. Anangosiya kuyankhula, ndipo kuchipatala anakanabe kupita.

Loweruka masana galimoto inaima pakhomo. Kalipentala uja, yemwe palibe anamuuza zakusinthako, anatsitsa bokosi lakuda lonunkha penti n'kulisiya m'galaja. Bertha anaimbiranso Joan foni kuti adzalitenge. Joan anapepesa, nati wosewera watsopanoyo ndi wamtali, sangakwanemo, choncho alisunge kaye mpaka apeze kolipititsa.

Overtone anatsika masitepe pang'onopang'ono, akupumira pakati. Anasisita chivundikirocho ndi chikhatho, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni Lachisanu anayang'ana mkazi wake.

"Musavutike nalo, mayi a Mphatso," anatero motsitsa. "Palibenso wina amene lingamukwane."