Mankhwala Okopa Amuna

Fyness, mlangizi watsopano wa zaulimi ku Thambani, anabwera ndi mabotolo odzaza thumba komanso Chizungu chodzaza m'kamwa. Mabotolowo anali misampha ya ntchentche zimene zimaikira mazira m'manachesi, zipatso n'kumayoyoka zili ndi mphutsi. Manachesi anali pafupi kupsa, ndipo misampha ikanapanda kupachikidwa msanga, alimi akanangokolola zowola.

Kusukulu ya ulimi ankamuwombera m'manja. Koma pamsonkhano woyamba, atatchula ntchentcheyo dzina lake la m'mabuku, alimi anamvetsera mwaulemu ngati ali pamaliro a mlendo, n'kubalalika osatenga botolo ndi limodzi lomwe. Fyness zinamupweteka.

"Dulani mawu, achemwali," anatero abwana ake, a Sankhani, pafoni. "Anthu ali ndi mbuzi zoti akamasule."

Fyness anaduladi. Anadula mpaka kutaya ndi ntchentche yomwe. Tsiku la msika anakwera pabenchi, botolo m'mwamba.

"Umu muli kathonje ka mankhwala. Fungo lake limakopa amuna okhaokha, ngakhale ali patali. Akalowa, satulukanso."

Msika wonse unacheukira kwa iye. Kenako amayi anasiya tomato, anasiya kaunjika, onse n'kumuunjirira. Patsogolo panali mayi Olímpia, omwe amuna awo anapita ndi thiraki ku Tete mvula isanayambe, mpaka lero kuli chete.

"Nanga ku Tete fungoli limafika?" anafunsa motsitsa mawu.

Apa m'pamene Fyness anazindikira chimene wagulitsa. Manyazi anamugwira, koma khamu lotere anali asanalionepo, ndipo sakanalitaya. Anatola nachesi lowola n'kuling'amba pamaso pawo, mphutsi zili yakaliyakali.

"Amuna ake ndi a ntchentche, amayi. Zazimuna zikathera m'botolo, zazikazi zimasowa zokwatirana nazo, ndiye mphutsi izi sizibadwa."

"Bola zazikazizo zilaweko zimene timaona ife," anatero mayi wina kumbuyo.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma anafunsa popachika, ndipo mabotolo anatha.

Patapita masiku Fyness anafika kwa mayi Olímpia. M'mitengo munali misampha, ntchentche zakufa zili mbwee. Botolo limodzi lokha linkalendewera pakhonde, moyang'ana msewu.

"Apatu palibe nachesi, amayi."

"Ndinamva zonse, alangizi, n'za ntchentche," anayankha uku akusesa. "Koma lisiyeni pomwepo. Silipempha chakudya."