Laputopu ya Makomo Awiri

Laputopu imeneyo sinali ya Stelia ayi, tisanamizane. Inali ya bambo ake, a Kefasi, mphunzitsi wopuma ntchito wa kufupi ndi Kachebere, ndipo anaigula yakale kwa wamalonda wina amene ankaoda katundu ku Chipata. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankaigogoda ndi zala ziwiri, ngati nkhuku yotola chimanga, kulemba mayina a makolo awo: uje anabereka uje, uje anakakwatiwa kutsidya kwa malire, uje anaikidwa patsinde pa mtengo wakuti. Anapalasa njinga m'midzi ya kuno ndi ya ku Zambia kufunsa nkhalamba, ndipo nkhalamba zimenezo lero zonse zinatsikira kulichete.

Tsono a Kefasi anali atayamba kuiwala. Poyamba zinkaseketsa, munthu kusakasaka magalasi ali pamphuno. Koma tsiku lina anafunsa Stelia kuti amayi ake apita kuti, chonsecho mayiwo anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo panalibenso woseka. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akatha kumwa tiyi ankayatsa laputopu ija n'kuwerenga mayinawo mokweza, kuyambira lawo mpaka kufika kwa kholo lachisanu ndi chinayi. Akafika kumeneko ankapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Eya, tonse tilipo."

Stelia ankaphunzira za makompyuta pa koleji ina ku Lilongwe, ndipo anabwera kutchuthi atasenza ntchito yofunika kuichitira mu pulogalamu yoyendetsera kompyuta yotchedwa Linux. Laputopu ya bambo ake inali ndi ina, yotchedwa Windows. Vuto lili pati? M'kalasi anaphunzira kale kuti makina amodzi angathe kusunga zonse ziwiri, iwe n'kumasankha poyatsa kuti ulowe kuti.

"Ababa, zili ngati kugawa nyumba pakati," anawafotokozera Lachiwiri m'mawa, ali pakhonde. "Inu chipinda chanu ndi khomo lanu, ine changa ndi khomo langa."

"Mayina anga sawakhudza?"

"Ngakhale pang'ono. Ndipo ndiyamba ndawakopera pa fulashi, kuti mtima wanu ukhale m'malo."

"Chabwino, mwini sukulu ndiwe," anatero a Kefasi, n'kunyamuka kukaona mbuzi.

Stelia anakoperadi. Anakoka kachithunzi kolembedwa kuti MAKOLO kuchokera pa sikirini n'kukaponya mu fulashi, ndipo zinatheka m'kuphethira kwa diso. Akanakhala wodekha akanadabwa kuti ntchito ya zaka zisanu ndi chimodzi ikuwoloka bwanji msanga chotero. Koma mtsikanayu mutu unali utakula ndi sukulu, ndipo paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Anachepetsa malo a Windows, anasintha zina ndi zina mkati mwa makina monga anawaphunzitsira, n'kuika Linux m'malo otsalawo. Zonse zinayenda myaa. Poyatsanso, panabwera mizere iwiri yosankhapo, ndipo Stelia anadziombera m'manja yekha pakhondepo.

Analowa khomo lake, linatseguka. Anazimitsa, n'kuyesa la bambo ake. Sikirini inasanduka yabuluu, ndipo inamuuza m'Chingerezi chaulemu kuti popeza makinawa asinthidwa, mbali iyi yadzikhoma, alembe kiyi ya manambala 48.

Manambala 48! Achokera kuti? Analemba pasiwedi ya bambo ake, inakana. Anabwezera zonse zimene anasintha zija, anazimitsa, anayatsa, koma buluu yemweyo anangoti ndilipo. Apo anakumbukira fulashi ija, mtima n'kutsikako pang'ono. Anaitsegula ku mbali yake ya Linux, n'kupeza MAKOLO alimo ndithu, koma opepuka ngati mankhusu. Sanakopere fayilo ayi. Anakopera kachikwangwani chabe kolozera kumene fayiloyo inali, ndipo kankaloza m'chipinda chokhomacho.

"Mayo ine," anatero chapansipansi, manja ali pamutu.

Masana omwewo anakwera kabaza mpaka pamsewu, n'kugwira minibasi ya ku Boma, laputopu ataikulunga m'chitenje. Kumeneko kuli Aleck, wokonza mafoni ndi makompyuta, amene anthu amati chimene chamukanika iye ukangotaya. Aleck anaiyang'ana, anayesa ziwiri zitatu, kenako anatsamira mpando n'kuyamba kutokosa m'mano.

"Achemwali, apa ndiye mwaiputa. Loko ameneyu anaikidwa kale ndi mwini wake woyamba, madala anu ankangolowa osadziwa kuti alipo. Mwagwedeza chitseko, ndiye wagwira."

"Ndiye kiyiyo ili kuti?"

"Kwa mwini wake woyambayo, mu akaunti yake."

"Ndani ameneyo?"

Aleck anatembenuza laputopuyo n'kumuonetsa kunsi kwake. Panali chipsera cha pepala lomatidwa limene wina analikanda ndi mpeni, kutsala zilembo zitatu za chinenero chimene onse awiri sanachidziwe. "Ndi ameneyu," anatero. "Mwina ali moyo, mwina ayi. Mwinanso inali ya kampani ina imene inatsekedwa kalekale. Wogulitsayo naye anangoipeza m'katoni."

"Simungathyole?"

"Ndingafufute zonse n'kuikamo Windows yatsopano, lero lomwe. Koma zotulutsa zili mkatimo, iyayi. Zilimo bwinobwino, palibe chawonongeka, kungoti palibe angaziwerenge."

Mawu amenewo ndi amene anamupweteka Stelia koposa. Zikanapsa, akanalira n'kuleka. Koma zinalimo, mayina onse, pamiyendo pake pomwepo m'minibasi yobwerera, ndipo analibe chochita. Anasowa mtengo wogwira, ndipo misozi inkangotsika yokha mpaka mayi wina amene anakhala naye pafupi anamufunsa ngati kwagwa zovuta.

Anawapeza a Kefasi akusenda nzimbe pansi pa mtengo wa mango. Anagwada n'kuwauza zonse, osabisa ngakhale za fulashi zija. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo kunena zoona ankakufuna, chifukwa kukanamupepuza. Bambowo anaika mpeni pansi.

"Zaka zisanu ndi chimodzi," anatero. "A Enoki a ku Vubwi aja anandiuza za agogo awo ali pamphasa, mawa lake n'kumwalira." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Dzuka, mwananga. Madzi akatayika saoleka. Sunachite dala."

Stelia anaganiza kuti chovuta chadutsa. Kalanga ine, chinali chisanayambe.

Kutacha, a Kefasi anamwa tiyi wawo, anapukuta magalasi, n'kukhala pampando wawo wa pakhonde nkhope ili ngwee. "Stelia, tabweretsa makina aja tiwerenge anthu athu."

Mtsikanayo anaima pakhomo ngati wathiridwa madzi ozizira. Za dzulo zija zinali zitafufutika zonse. Awauzenso? Awaonenso akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, lero, mawa, mkuja, m'mawa uliwonse mpaka liti? Kapena awanamize kuti batire yatha, bodza limene lingagwire ntchito tsiku limodzi lokha pakhomo pokhala ndi sola? Zonse ziwiri zinamulemera chimodzimodzi, ndipo panalibe womufunsa nzeru.

Anabweretsa laputopu ija n'kukhala pambali pawo. Itayaka, mizere iwiri ija inaonekera.

"Izi ndiye ziti?" anafunsa a Kefasi.

"Makomo awiri, ababa. Lero tilowera ili."

Analowa mbali yake, n'kutsegula tsamba loyera lopanda kanthu. Kenako anatembenukira kwa bambo ake. "Lero tichite mwina. Inu muzinena pamtima, ine ndizilemba, tione ngati aphunzitsi akadali akatswiri."

A Kefasi anaseka, nkhani ya mayeso inawakomera. "Funsa!"

"Dzina lanu?"

"Kefasi Jere. Limenelonso n'kufunsa?"

"Abambo anu?"

"Timoteyo. Anabadwira kutsidya, anabwera kuno ndi ng'ombe zitatu."

Stelia analemba msangamsanga, ng'ombe zomwe. Awiri. Mwina afika asanu, mwina mpaka kwa kholo lachisanu ndi chinayi lija, ndani akudziwa? Kwa zaka zonsezi mayinawa ankawerengedwa mokweza pakhonde lomweli, iye ali pa foni kapena akutsuka mbale, ndipo sanasungeko ngakhale limodzi.

"Nanga abambo awo a Timoteyo?"

A Kefasi anatsegula pakamwa. Anayang'ana kumapiri a kumalire, anayang'ana zala zawo, milomo ikugwedera ngati dzinalo lili pafupi kutuluka. Mbuzi inalira kuseri kwa nyumba. Kenako nkhope yawo inamasuka, anamwetulira, n'kugogoda laputopuyo ndi chala mokoma mtima.

"Landithawa. Koma usadandaule, mwananga, n'chifukwa chake ndinalemba. Zonse zili m'menemo. Tatsegula uone."